Nkhoswe ya Munthu Wosapemphera

"Agogo, kodi Mulungu asanalenge dziko ankaponda pati?"

Amene anafunsa funsoli ndi Tawina, chaka chimene anayamba sitandade wani. Agogo akewo, a Lameki Chagunda, anali atakhala pa chitsa pakhomo pawo, m'mbali mwa msewu wopita ku msika wa Lisungwi, akumanga masipokosi a njinga ya munthu wina wa makala. A Lameki ndi mkulu wa mpingo, ndipo mafunso a za Mulungu sawathawa. Koma funso la tsiku limenelo linawavuta.

"Iye saponda, mwanawe. Ndi mzimu."

"Nanga ankakhala pati?"

"Pita ukawathandize agogo ako aakazi kusankha nyemba."

Kuseri kwa mpanda wa nkhadze kunamveka kuseka. Anali Mwawi Gondwe, mnyamata woyeza magazi ku chipatala, amene boma linali litangomutumiza kumene kuchokera kwawo ku Rumphi. Ankachita lendi nyumba yoyandikana ndi ya a Lameki, ndipo nthawiyo ankayanika malaya pa chingwe.

"Mwasekanji, aneba?" anafunsa a Lameki.

"Pepani bambo, sindikuseka inu. Funso la mwanalo ndi limene linandichotsa ine m'tchalitchi ndili folomu fili. Nanenso anandituma kukasankha nyemba."

A Lameki anaika sipanala pansi n'kumuyang'ana mnyamatayo kwa kanthawi. Kenako anati, "Tabwerani kuno ndi mpando wanu."

Mkangano umene unayamba tsiku limenelo unatha zaka ziwiri osazirala. Mwawi akaweruka ku ntchito, ankadutsa pa kampata ka mpanda ndi mpando wake wa pulasitiki, dzuwa likadali pamwamba pa malambe. A Lameki ankati chinthu chilichonse chili ndi mwini wake amene anachipanga. Tsiku lina anatenga masipokosi, manati ndi tcheni, n'kuziponya m'saka.

"Khutchumulani sakali mpaka Khirisimasi, aneba. Mukatulutsamo njinga, ine ndisiya ukulu wa mpingo."

"Nanga wopanga njingayo anamupanga ndani?"

"Chilichonse chimafuna poyambira. Ngakhale tcheni."

"Tcheni cha njinga chilibe poyambira, bambo. N'chozungulira."

A Lameki anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsanza ya girizi, koma sanagonje. Mawa lake anabwera ndi mfundo ina.

Mwawi naye anali ndi zake. Ankati kalekale, zaka pafupifupi mabiliyoni khumi ndi anayi zapitazo, zonse zimene timaonazi zinali zopanikizana m'kanthu kochepa kuposa njere ya fodya, kotentha koopsa, ndipo kanayamba kufutukuka, mpaka lero sikanaleke. Pofuna kuti amveke, anabwereka chubu ndi choko chimene a Lameki amalembera pobooka, n'kulemba timadontho pa chubupo. Atapopa, timadontho tonse tinatalikirana. A Lameki anayang'ana mwachidwi, nagwedeza mutu, kenako anafunsa kuti, "Nanga akupopa ndani?" Mwawi anati sakudziwa, ndipo mwina palibe. A Lameki anati iwo akumudziwa ndi dzina lomwe.

A Jessie, akazi awo a Lameki, ankati anthu awiriwa ali ngati mbuzi ziwiri za pa chikhomo chimodzi: zimagundana tsiku lonse, koma ukamasula imodzi inayo imalira. M'zaka ziwirizo mkanganowo unaima masabata atatu okha, pamene a Jessiewo anagonekedwa m'chipatala. Atangotuluka, unapitirira pamene unalekezera.

Kenako kunabwera nkhani ya Eliness.

Eliness anali telala wa pa khonde la sitolo ina pa msika, woimba kwaya, wa kwawo kumapiri kupitirira Neno Boma. Mwawi anapita kukafupikitsa manja a chovala chake choyera cha ku ntchito. Patatha mwezi anapitanso kukawatalikitsa. Pofika ulendo wachinayi, msika wonse unali utadziwa kuti vuto si manja.

Eliness anamulola, koma anamuuza mosabisa. "Ine banja lolowera pawindo ayi. Amalume akakana, basi, tasiyana."

Amalumewo anali a Binwell, ndipo mbiri yawo inali yodziwika. Anthu ankati anabwezapo mnyamata wina, wa ntchito yabwino, chifukwa ankapemphera Loweruka m'malo mwa Lamulungu. Ngati wosiyana tsiku anabwerera panjira, nanga wosapemphera n'komwe?

Mwawi anaimba foni ku Rumphi. Abambo ake aang'ono anati miyendo yawo siingathe ulendo wotere kawiri. Apeze munthu wamkulu kumeneko wokagogoda pakhomo, iwo adzabwera pa chinkhoswe. Choncho tsiku lina anadutsa pa kampata kaja opanda mpando, chipewa chili m'manja.

"Lero mwabwera chiimirire," anatero a Lameki. "Kwagwanji? Dziko lasiya kufutukuka?"

"Bambo, ndikufuna mukhale nkhoswe yanga."

A Lameki anasiya kupala chubu. "Ine? M'Lisungwi monse muno mwasowa munthu wogwirizana nanu?"

"Ogwirizana nane alipo, koma sandidziwa. Inu mumandidziwa." Mwawi anazunguza chipewa chija m'manja. "Akakafunsa za mapemphero, mungowauza kuti ndimabwera ku tchalitchi kwanu. Si bodza kwenikweni. Ndinabwerako kawiri."

"Kamodzi pa maliro. Kachiwiri munadzabwereka pampu."

"Koma ndinalowa."

"Munaima pa khomo." A Lameki anapukusa mutu. "Tamverani, aneba. Nkhoswe yonama ili ngati chigamba chomata pa chubu chonyowa: chimagwira mpaka pa chitunda choyamba basi. Banja likadzavuta, anthu aja adzabwera kwa ine, osati ku Rumphi. Ndipita, koma bodza sindikanena. Chimene ndingachite ndi ichi: mawu anu ndikawanena momwe mumawanenera inuyo, osachotsera, osawonjezera."

"Ndiye atikana."

"Mwina atikana."

Mwawi anazunguzanso chipewa chija. Kenako anati, "Bola ndikafotokoze ndekha."

"Ayi! Mwambo wa kuno simukuudziwa eti? Wofunsira mbeta salankhula. Mumakhala kumbuyo, maso pansi, ngati mlendo wa pa maliro. Pakamwa panu tsiku limenelo ndine."

"Nanga mukalakwitsa?"

A Lameki anaganiza. "Mutsokomole. Kutsokomola mwambo suletsa."

A Jessie atamva, sanakondwe kwenikweni. "Mukakanena zoti tili pachibale ndi anyani kumeneko, mbiri ifika ku mpingo inu musanatsike phiri," anatero, uku akusita jekete ya amuna awo. A Lameki anati mpingo ukawafunsa akayankha. A Jessie anangoti, "Chabwino. Koma mnyamatayo musakamutaye," n'kupitiriza kusita.

Ananyamuka Loweruka m'mawa, mwezi wa Juni, pa njinga zamoto ziwiri za kabaza. Kutentha kwa ku Lisungwi anakusiya m'munsi. Pofika kumapiri mphepo inali yolowa m'mafupa, ndipo Mwawi, amene ankadzitama kuti kwawo kumazizira kuposa pamenepo, milomo inali itauma, osati ndi mphepo koma ndi mantha.

Kwa a Binwell anawalandirira pansi pa mitengo ya manachesi, yolemedwa ndi zipatso mpaka nthambi zina anazichirikiza ndi mphanda. A Binwell anali munthu wamfupi wa mawu aakulu. Pambali pawo panakhala mng'ono wawo, a Kalisto. Chapatali pang'ono, pa mphasa, mayi ake a Eliness, a Mailesi, ankatong'ola chimanga ngati kuti nkhaniyo siikuwakhudza. Eliness anali atabisidwa m'khitchini. Mwawi anamupatsa kampando kakafupi kumbuyo kwa a Lameki, mawondo ake n'kufika pafupi ndi chibwano. Pa nthambi ina panali patapachikidwa chubu cha njinga cha zigamba zambiri, ndipo maso a a Lameki, monga mwa ntchito yawo, anachiona asanaone china chilichonse.

Atalonjerana, nafunsana za mvula ndi za zokolola, a Lameki anaomba m'manja n'kunena chimene anabwerera: kuti ali ndi tambala wawo amene wakhala akulira moyang'ana kumapiri kuno. A Binwell anafunsa za kwawo kwa tambalayo, za makolo ake, za ntchito, ngati amamwa, ngati anasiyapo mkazi kwina. Zonsezo zinayenda ngati njinga pa mtsetse.

"Nanga amapemphera mpingo wanji?"

"Sapemphera," anayankha a Lameki.

"Analeka liti? Achinyamata amatero, koma amabwerera."

"Uyu sanaleke chifukwa cha ulesi kapena mowa. Akuti sakudziwa ngati Mulungu alipo, ndipo sakufuna kunamizira."

 Manja a a Mailesi anaima pa chitsononkho. Mwawi anayang'ana nsapato zake n'kuona banja lake likutsika phiri lokha.

"Ooo," anatero a Binwell, natsamira mpando. "Ndiye ndi aja amati dziko linachita kuphulika ngati tayala, ndipo agogo athu anali anyani? A Kalisto, mwamva? Anyani akutithera chimanga kumunda aja tiziwasiya, ndi azilamu athu."

A Kalisto anaseka. Mwawi anatsokomola.

A Lameki anamva kutentha m'makutu. Mawu amenewo iwonso anawanenapo, ndendende, mwezi woyamba wa mkangano uja. Koma atawamva pakamwa pa munthu wina, anamveka otchipa, ngati belu la njinga losweka.

"Pepani a Binwell, sanena choncho," anatero. "Tikamutsutsa munthu, timutsutse pa zimene wanena. Iye akuti ife ndi anyani tinachokera kwa kholo limodzi lakalekale, monga inu ndi msuweni wanu. Msuweni wanu si agogo anu."

"Msuweni wanga salowa m'munda mwanga ndi mchira."

"Zoona. Komanso za kuphulikazo, si mawu ake. Iye amati kufutukuka. Akuti zaka mamiliyoni khumi ndi anayi zapitazo..."

Mwawi anatsokomola kwambiri.

"...mabiliyoni, ndimati mabiliyoni."

"Kodi mnyamatayu ali ndi chifuwa?" anafunsa a Kalisto. "Munthu wa kuchipatala n'kumatsokomola chonchi? Eliness tikamupereke kwa wodwala?"

"Ndi mphepo ya kuno," anatero a Lameki msangamsanga. "Tabwerekeni chubu icho ndi pampu, ndikuonetseni."

A Binwell anadabwa, koma chidwi chinawaposa. A Lameki anatulutsa choko m'thumba la jekete, pakuti sayenda opanda choko, n'kulemba timadontho pa chubu chija. Anapatsa a Binwell kuti achigwire, a Kalisto n'kuyamba kupopa.

"Timadonthoti ndi milalang'amba ya nyenyezi. Taonani. Palibe kadontho kamene kamera miyendo, koma tonse tikutalikirana, chifukwa chubu chenichenicho ndicho chikukula. Tsopano ganizani mobwerera m'mbuyo. Mukatulutsa mpweya, tonse tibwerera pamodzi. Akuti dziko lili choncho. Mukabwerera m'mbuyo mokwanira, mupeza zonse zili malo amodzi, ochepa kuposa njere ya fodya."

"Anaziona ndani zimenezo? Analipo?" anafunsa a Binwell.

"Panalibe munthu. Koma inu mukakhala m'nyumba, njinga yamoto ikamadutsa panja, mumadziwa ndi khutu lokha ngati ikubwera kapena ikupita. Si choncho? Kulira kwake kumasintha. Akuti kuwala nakonso kumatero. Anthu a makina oonera kutali anayeza kuwala kwa nyenyezi zakutalitali, n'kupeza kuti zonse zikupita, palibe ikubwera."

Mwawi sanatsokomole. Anaiwala zoyang'ana pansi, pakamwa pali yasa. Za njinga yamotozo iye sanawauzepo. Ankangoti kuwala kumafiira, a Lameki n'kumati sakumva. Kani ankamva, n'kumakazikonza okha ngati tcheni chodumpha.

A Binwell anayang'anitsitsa timadontho tija tikutalikirana m'manja mwawo. Kenako anakweza mutu. "Nanga akupopa ndani?"

A Lameki anaomba m'manja mpaka nkhuku inadzidzimuka. "Eyaa! Limenelo ndiye funso langa! Zaka ziwiri ndakhala ndikumufunsa. Iye amati sakudziwa, ndipo sachita manyazi kunena kuti sakudziwa. Ine ndimati..."

Sanamalize. A Kalisto anali atatengeka ndi nkhaniyo, dzanja n'kumangopopabe. Chigamba china chakale chinatupa ngati chotupa cha pa mwendo, ndipo chubu chinangoti phuu! Nkhuku zinabalalika, galu analowa pansi pa nkhokwe, ndipo Eliness, amene mwambo unati asaoneke, anatulukira pa khomo la khitchini ndi chipande m'manja, akufuula kuti, "Mwamuchita chiyani?"

A Binwell anatsala ndi mbali ziwiri za chubu, dzanja lililonse yake. Anayang'ana uku, nayang'ana uko.

"A Chagunda," anatero pang'onopang'ono, "paja mwati sichinaphulike?"

Amene anayamba kuseka anali a Kalisto. Kenako a Mailesi anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. A Lameki anaseka mpaka kugwira mimba. Eliness anathawira m'khitchini ndi manyazi. Mwawi yekha anavutika, chifukwa sankadziwa ngati mwambo umalola wofunsira kuseka, choncho anangotsokomola.

Kuseka kutatha, a Binwell anapukuta maso n'kufunsa mwachifatse. "Koma inu, mkulu wa mpingo wathunthu, mwayamba kukhulupirira zoti kulibe Mulungu?"

"Ayi. Mawa mukandipeza kutsogolo ndikutsogolera mapemphero. Koma lero ndine pakamwa pake, ndipo pakamwa sipasintha mawu a mwini wake." A Lameki anabweza choko m'thumba. "Ndikuuzeni pamene timakumana ine ndi iye. Mdzukulu wanga anandifunsa kuti Mulungu asanalenge dziko ankaponda pati. Tayankhani inuyo."

"Ankaponda..." A Binwell anayang'ana kumwamba, nayang'ana pansi. "Ana a masiku ano."

"Mwaona. Ine ndimati Mulungu sankafuna poponda. Uyu amati kunalibe malo, kunalibe ndi nthawi yomwe. Tikafika pamenepo tonse awiri mawu amatithera. Kusiyana kwake, ine ndimagwada, iye amakanda mutu."

 Amene analankhula anali a Mailesi, osadzuka pa mphasa, osakweza mawu.

"Za nyenyezizo ndamva, ndipo ndaseka. Koma mwana wanga sakakwatiwa kumwamba. Ine ndikufunsa ichi. Mwana wawo akadzatentha thupi, Eliness n'kugwada pansi, bamboyu adzamuseka? Lamulungu akadzasambitsa ana kuti apite nawo ku tchalitchi, adzatseka chitseko?"

 Zaka ziwiri a Lameki anakangana ndi Mwawi za kumene dziko linachokera, koma funso limeneli sanamufunsepo mnzawoyo.

"Mayi, zimenezo sindikudziwa, ndipo sindimuyankhira zongopeka. Ndiloleni ndikaonane naye kumbali."

Mwambo umalola zimenezo. Anapita kuseri kwa nkhokwe, pamene galu uja anali akunjenjemerabe.

"Tsopano lankhulani," anatero a Lameki. "Koma musandiyankhe zondikondweretsa."

Mwawi anatulutsa mpweya ngati munthu wotula katundu. "Bambo, mayi anga amandipempherera m'mawa uliwonse, nthawi zina pa foni, mayunitsi anga omwe. Sindinawasekepo. Eliness azipita, ana azipita. Mvula ikamagwa ndiziwaperekeza ndi ambulera mpaka pa khomo."

"Basi?"

"Ayi. Mwana akadzandifunsa ine chimene ndimaganiza, ndidzamuuza. Sindidzamunamiza, ndipo sindidzamutuma kukasankha nyemba."

"Mbali yachiwiriyi ikhoza kutigwetsa."

"Ndikudziwa. Kaineneni."

A Lameki anamuyang'ana, namukonza kolala ya malaya imene inapindika pa njinga yamoto. Atabwerera pa bwalo ananena mbali zonse ziwiri, yoyamba ndi yachiwiri, osachotsera. Pa yachiwiriyo nkhope ya a Binwell inachita makwinya.

"Tsopano ndiwonjezere zanga," anatero a Lameki, "osati ngati pakamwa pake, koma ngati munthu wa maso. Chaka chatha akazi anga anagonekedwa, magazi atawathera. Abale tinayezedwa, magazi athu osagwirizana ndi awo. Mnyamatayu anapinda malaya n'kupereka ake, ndipo ine ndinazimva kwa namwino, osati kwa iye. Amayi a chigwirizano atabwera kudzapemphera, ndiye anakawatengera benchi. Popemphera sanatseke maso, ndinamuona, chifukwa nanenso diso limodzi linali pa iye. Koma anavula chipewa, ndipo anaima chilili mpaka ameni. Ngati Mulungu alipo, monga ndikudziwira ine kuti alipo, anamuonanso."

A Binwell ndi mlongo wawo anapita kuseri kwa nyumba. A Kalisto anatsala akusenda manachesi n'kumapatsa alendo, ati n'ngabwino pa chifuwa. Mwawi anadya atatu osamva kukoma. Dzuwa linasuntha, mthunzi n'kuchoka pa mapazi awo.

Atabwerera, a Binwell anakhala pansi n'kukonza pakhosi.

"Anthu amati ndinabweza mnyamata wina chifukwa chopemphera Loweruka. Sizinali choncho. Nditamufunsa, anati asintha mpingo mawa lomwe, bola ndimupatse Eliness. Ndinati munthu wosintha Mulungu chifukwa cha mkazi adzasinthanso mkazi chifukwa cha china. Uyu wakana kusintha ngakhale mawu amodzi, pamene akudziwa kuti akhoza kubwerera chimanjamanja. Sindikugwirizana naye. Ndizimupempherera mpaka atatopa nane. Koma achemwali anga akuti munthu wovula chipewa tikhoza kukhala naye." Anatembenukira kwa a Lameki. "Uzani a ku Rumphi abwere mu Ogasiti, misewu ikadali youma. Ndipo inu a nkhoswe, banjali likadzaphulika ngati chubu changachi, mudzamata ndinu."

"Ndavomera."

"Mnyamata, tsopano ukhoza kulankhula."

Mwawi anagwada, naomba m'manja. "Zikomo," anatero. 

"Lembani tsikuli," anatero a Lameki. "Zaka ziwiri sindinamumvepo munthu uyu akunena mawu amodzi n'kusiya."

Anafika ku Lisungwi dzuwa litapendeka, aliyense ndi jumbo la manachesi. A Jessie anangoyang'ana nkhope zawo n'kuyamba kululutira, mpaka anthu a pa msewu anatembenuka. Tawina, amene tsopano anali mu sitandade fili, analanda jumbo la agogo ake n'kuthawa nalo.

Amuna awiriwo anaima pa kampata ka mpanda, wina uku wina uko.

"Bambo, mwafotokoza bwino kuposa ine," anatero Mwawi. "Za njinga yamoto zija ndikazigwiritsa ntchito."

"Musazolowere. Lolemba ndikubwezerani zonse. Ndili ndi funso la udzudzu limene simunaliyankhe."

"Udzudzu ndi umboni wanga, osati wanu. Mulungu wanuyo anaulengeranji?"

"Lolemba, ndati." A Lameki anavula jekete n'kuikoleka paphewa. Anayang'ana kumene Tawina anali atakhala akusenda nachesi, makoko akuponyera mbuzi. "Aneba, chinthu chimodzi chandikhala pamtima. Mwana uja ndinamutuma kukasankha nyemba. Lero ndayankha anthu akuluakulu a kumapiri, koma iye sindinamuyankhebe."

"Sanaiwale. Anandifunsanso ine mwezi watha."

"Munati chiyani?"

"Ndinati afunse agogo ake kaye. Ndi mdzukulu wanu."

A Lameki anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye tipangane. Mawa tikaweruka ku tchalitchi ndimuyankha zanga zonse, kenako ndimutumiza kwa inu mumuuze zanu. Ndipo ana anu ndi Eliness akadzafunsa funso lomwelo, pakuti adzafunsa, mudzawayankhe zanu, kenako muwadutsitse pa kampata kano abwere kwa ine."

"Nanga boma likadzandisamutsa?"

"Foni ilipo. Mayunitsi adzakhala anu, mwazolowera kale."

Mwawi anaseka, natambasula dzanja pamwamba pa nkhadze. "Ndipo inu simudzawauza kuti bambo awo ndi wopusa?"

"Ndidzawauza kuti bambo awo akulakwitsa, koma ndidzawafotokozera bwinobwino chimene akulakwitsacho, ndi chubu chomwe. Inunso musadzawauze kuti agogo a Chagunda amalankhula ndi mphepo."

"Sindidzatero. Ndidzawauza kuti akamve okha."

A Lameki anagwira dzanjalo, lawo lili ndi choko m'zala. "Tapangana, aneba. Pa makomo awiri ano palibenso mwana wodzatumidwa kukasankha nyemba."

"Tapangana, bambo."